Mmene Madzi ndi Nyengo Zinagwetsera Alimi a Mtedza wa Walnut ku California

Pa 6 Sepitembala 2022, mu mzinda wa Sacramento umene ndi likulu la cigawo ca California m'dziko la America, kunatentha mpaka madigiri 46.7 pa muyeso wa Celsius. Kutentha kotere kunali kusanalembedwepo ndi kale lonse mumzindamo. M'minda ya m'cigwa ca mzindawo munali mtedza wochedwa walnut, umene unatsala milungu yowerengeka cabe kuti ukololedwe. Mitengo inali itabala kwambiri, ndipo munthu wodutsa pa mseu akanati alimi apata caka cimeneco. Koma pamene mtedzawo unafika ku mafakitale ndi kuyamba kuswedwa, kunapezeka kuti wambiri unali wakuda mkati, wina wofota ndipo wina wacuku. Akulu-akulu anati cikome-kome ca mkuyu, mkati muli nyerere.

Zotsatira zake zinaoneka pa msika. Mu 2013 ndi 2014 mlimi wa ku California anali kulandira madola oposa 3,000 pa tani imodzi ya mtedzawu, koma pa zokolola za 2022 sanalandire ngakhale madola 700. Zifukwa zinalipo zingapo, monga kuculuka kwa walnut wocokera ku China ndi ku Chile, misonkho imene maiko ena anaika pa katundu wa ku America, ndiponso mabvuto a zombo pa madoko. Koma kuipa kwa mtedza weni-weniwo ndiko kunamaliza alimi, pakuti ogula a maiko akunja safuna njere zakuda. Boma la America linagula mtedza wina pofuna kuthandiza alimi, komabe ambiri anazula mitengo imene anaisamalira kwa zaka zambiri.

Nkhani imeneyi ndi ya kutali, koma ili ndi phunziro kwa mlimi aliyense amene akuganiza zoyamba ulimi wothirira. Ubwino wa mbeu sudalira kuculuka kwa madzi kokha ai. Umadalira nthawi imene madziwo afika, muyeso wake, ndi nyengo imene mbeuyo ikukuliramo.

KODI WALNUT NDI CIANI?

Walnut ndi mtengo waukulu umene unayambira ku maiko a pakati pa Asia ndi ku Iran, ndipo ku Arslanbob m'dziko la Kyrgyzstan kuli nkhalango yaikulu ya mitengoyi yomera yokha. Dziko la China ndilo limakolola walnut wambiri kuposa maiko onse, ndipo America, Iran, Turkey ndi Chile ali m'gulu la maiko otsatira. Pafupi-fupi walnut yense wa ku America amalimidwa m'cigwa cimodzi cacikulu ca California, cochedwa Central Valley.

Cipatso cake cili ndi zigawo zitatu. Kunja kuli khungwa lobiriwira, mkati mwake muli cigoba colimba, ndipo m'cigobamo muli njere yodyedwa, yokutidwa ndi kakhungu kopyapyala monga kaja ka nshawa. Njereyi ili ndi mafuta ambiri, oposa theka la kulemera kwake, ndipo imadyedwa yaiwisi kapena kuikidwa mu makeke ndi zakudya zina.

Ogula amayang'ana zinthu zitatu: kukula kwa mtedza, kudzaza kwa njere m'cigoba, ndi maonekedwe a kakhungu kaja. Maonekedwewa anagawidwa m'magiredi 4, kuyambira pa njere yoyera kwambiri kufikira pa yofiirira moderapo, ndipo njere ikakhala yoyera ndalama zake zimakwera. Ndico cifukwa cake mtundu wa Chandler, umene yunivesite ya California ku Davis inatulutsa mu 1979, unafala mpaka kutenga malo oposa theka la minda yonse ya walnut m'cigawomo. Njere zake zimachuka ndi kuyera. Komabe mu 2022 ngakhale Chandler anada, kusonyeza kuti mtundu wabwino wa mbeu paokha sungapulumutse mlimi.

NTHAWI YA MADZI

Ku California mvula imagwa kuyambira mu Novembala mpaka mu Malichi, miyezi yofanana ndi ya mvula ya m'dziko lino. Kusiyana kwake ndi kwakuti kumeneko miyezi imeneyi ndi yozizira, pamene mtengo wa walnut umayoyola masamba ndi kugona. Mtengo umadzuka ndi kucita maluwa ca mu Epulo, ndipo umalera zipatso zake kuyambira mu Meyi mpaka mu Sepitembala, pamene kumatentha kwambiri ndipo mvula siigwa. Motero pafupi-fupi madzi onse amene mtengo umamwa pa nthawi yobala ayenera kuperekedwa ndi mlimi.

Madziwo si ocepa. Munda wa mitengo yaikulu kum'mwera kwa cigwaco umamwa madzi opitirira pang'ono mamilimita 1,000 pa caka, amene akufanana ndi mvula yonse imene imagwa ku Chipata m'caka cabwino. Pa hekitala imodzi awa ndi malita 10 miliyoni, kapena kuti migolo 50,000 ya malita 200.

Akatswiri a zaulimi anapeza kuti kusowa kwa madzi kumaononga mosiyana-siyana malinga ndi mwezi umene kwacitika. M'milungu 8 kapena 10 yoyamba maluwa atatha, cipatso cimakula msinkhu, ndipo ca mu Juni cigoba cimauma ndi kulimba. Ngati mtengo unali ndi ludzu pa nthawi imeneyi, mtedza umakhala waung'ono, ndipo ngakhale mlimi atathira madzi oculuka bwanji pambuyo pake, cigoba colimba sicingakulenso. Mu Julayi ndi Ogasiti ndi pamene njere imadzaza m'cigobamo ndi kupanga mafuta. Ludzu la miyezi imeneyi silioneka kunja, pakuti cigoba cimakhala cacikulu ndithu, koma mkati njere imafota ndi kuda. Komanso m'miyezi yomweyo mtengo umakhala ukukonza mphukira zimene zidzabala caka cotsatira, cotero mlimi amene wamana mitengo yake madzi caka cino amalipira kawiri.

Apa pali kusiyana kwakukulu pakati pa mlimi wa mitengo ndi mlimi wa cimanga. Wa cimanga akaona kuti madzi acepa angathe kugoneka munda caka cimeneco, nabzalanso caka camawa. Mtengo wa walnut umayamba kubala pakapita zaka 4 kapena 5, ndipo umakhala zaka makumi angapo. Mwini wake sangaugoneke. Ayenera kuupezera madzi caka ndi caka, kukhale mvula kapena cilala.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Anthu ambiri amayesa kuti pothirira mbeu, madzi akaculuka ndiye kuti zinthu zili bwino. Alimi a walnut anaphunzira kuti si conco. Mizu ya mtengowu imafuna mpweya, ndipo nthaka ikakhala yonyowa kosalekeza mizu imaola. Matenda ochedwa Phytophthora, amene amaoletsa mizu ndi tsinde, amakonda malo amene madzi amaima. Mtengo wa mizu yoola umalephera kukoka madzi, masamba ake amacita cikasu, ndipo mlimi wosadziwa amayesa kuti ndi ludzu naonjezeranso madzi, kufikira mtengo utafa.

Ofufuza a yunivesite ya California anaonanso kuti minda yothiriridwa mopitirira muyeso imatulutsa njere zoderapo, monga mmene imacitira minda yaludzu. Iwo anapeza kuti alimi ambiri amayamba kuthirira msanga kwambiri, nthaka ikali ndi cinyezi ca mvula, ndipo kuti kucedwetsa kuthirira koyamba mpaka mtengo utasonyeza ludzu pang'ono sikunacepetse zokolola.

Pofuna kudziwa ludzu la mtengo, alimi amagwiritsa nchito kacipangizo kamene amaikamo tsamba, nalipanikiza ndi mpweya mpaka kadontho ka madzi kataoneka pa phesi lake. Ngati pafunika mphamvu yambiri kuti kadonthoko katuluke, ndiye kuti mtengo uli ndi ludzu. Mwa njira imeneyi mlimi amafunsa mtengo weni-weniwo m'malo mongotsatira kalendala.

Mathiridwe ake alinso ndi kanthu. Madzi owaza m'mwamba akamanyowetsa masamba ndi zipatso zanthete, amafalitsa matenda a ciwau amene amadetsa mtedza ndi kuugwetsa usanakhwime, monga mmene imacitira mvula yogwa pa nthawi ya maluwa. Ndiponso walnut safuna madzi amcere. Madzi a m'zitsime zina zakuya ali ndi mcere umene umaocha masamba m'mphepete, ndipo mtengo wa masamba opsa sungadzaze njere zake.

ZIMENE MADZI SANGAKONZE

Pali zinthu ziwiri zimene mlimi sangagule ngakhale atakhala ndi madzi okwanira.

Coyamba ndi mthunzi wa dzuwa. Kutentha kukapitirira madigiri 38, zipatso zimene zili poyera zimayamba kupsa. Khungwa lobiriwira lija limada ndi kukakamira ku cigoba, ndipo njere ya mkati imada kapena kufota. Mtedza wopsa umakopa mbozi ndi cuku. Mtengo wokhuta madzi umadziziziritsa ndi cinyezi cotuluka m'masamba ndipo umapirirako, koma pa madigiri 46 ngakhale mtengo wothiriridwa bwino umalephera. Alimi ena amapopera mitengo dothi loyera lochedwa kaolin kuti lichinge dzuwa, koma izi zimangocepetsako bvuto. Mu 2022 kutenthaku kunafika pambuyo pa zaka 3 za cilala, mitengo yambiri ili yofooka kale, ndipo patangopita milungu iwiri kunagwa mvula yosayembekezeka imene inaonjezera cuku.

Caciwiri ndi cisanu. Mtengo wa walnut uyenera kugona m'kuzizira kwa pakati pa madigiri 0 ndi 7 kwa maola mazana ambiri kuti udzuke bwino. Pa mtengo umodzi pamakhala maluwa amphongo ndi aakazi padera-padera, ndipo mphepo ndiyo imanyamula mungu. Ngati kuzizira kunali kocepa, mphukira zimatuluka mosiyana nthawi, maluwa ena amaphonyana ndi mungu, ndipo pa nthambi imodzi pamakhala mtedza wamisinkhu yosiyana umene sukhwimira pamodzi. Mu 2009 akatswiri a ku Davis anacenjeza kuti kuzizira kwa m'cigwa ca California kunali kucepa, ndipo kudzapitirira kucepa pamene dziko lapansi likutentha. Cifunga cimene cinali kuphimba cigwaco m'miyezi yozizira, ndi kusunga mitengo m'tulo, naco cinayamba kusowa.

Cisanu cobwera pa nthawi yolakwika naco cimapha. Mu Novembala 2018 kunazizira mwadzidzidzi mitengo isanagone kweni-kweni, ndipo nthambi zambiri zinauma. Minda imene nthaka yake inali youma ndiyo inaonongeka koposa, pakuti nthaka yacinyezi imasunga kutentha kwa masana ndi kukutulutsa usiku. Kuyambira pamenepo alangizi amalimbikitsa alimi kuti nthaka isamakhale youma pamene cisanu coyamba cayandikira.

Ngakhale pa tsiku lokolola nyengo imakhala ikuweruzabe. Makina amagwedeza mtengo, mtedza nugwa pansi. Ukasiyidwa padzuwa kwa nthawi yaitali njere zimada, ndipo ukasiyidwa pa nthaka yonyowa umacita cuku. Cotero umatoledwa msanga, kucotsedwa khungwa ndi kuumitsidwa ndi mpweya wosapitirira madigiri 43, mpaka cinyezi citatsika kufika pa magawo 8 mwa 100 alionse. Mpweya wotentha kuposa apa umaononga mafuta a m'njere. Alimi a ku Chile, amene amakolola kuyambira mu Malichi mpaka mu Meyi, anataya mtedza wambiri mu Epulo 2016 pamene mvula yamphamvu inagwa pakati pa nchito yokolola.

MADZI OTHIRIRA NAONSO AMATHA

Madzi a alimi a ku California amacokera ku mapiri a Sierra Nevada. M'miyezi yozizira pa mapiriwa pamaunjikana madzi oundana ochedwa cipale cofewa, amene amasungunuka pang'ono-pang'ono kukayamba kutentha ndi kudzaza madamu akulu-akulu monga Oroville. Kucokera kumeneko ngalande zimapereka madzi ku minda. Koma cigawoci cinakumana ndi cilala kuyambira 2012 mpaka 2016, ndiponso kuyambira 2020 mpaka 2022. Mu 2014, 2015, 2021 ndi 2022 alimi ambiri a kum'mwera kwa cigwaco anauzidwa kuti sadzalandira madzi alionse a m'ngalande za Boma. Mu Ogasiti 2021 madzi a m'damu la Oroville anatsika kwambiri kotero kuti makina opanga magetsi pamenepo anaimitsidwa kwa nthawi yoyamba cifukwa ca kucepa kwa madzi. Anthu a m'dziko lino, amene anaona zimene zinacitika ku Kariba mu 2024, akudziwa tanthauzo la zimenezi.

Madzi a m'ngalande akasowa, alimi amathamangira ku zitsime zakuya. Amene ali ndi ndalama amakumba mozama, ndipo zitsime zosazama za mabanja osauka zimaphwa. Kupopa kosalekeza kumacititsanso kuti nthaka ititimire. Pafupi ndi tauni ya Mendota nthaka inatsika pafupi-fupi mamita 9 pakati pa 1925 ndi 1977, ndipo m'malo ena kutsikaku kunapotoza ngalande zomwezo zimene zimanyamula madzi. Mu 2014 bwanamkubwa Jerry Brown anasaina lamulo lakuti madera amene amapopa madzi ambiri ayenera kulinganiza madzi amene amapopa ndi madzi amene amabwerera pansi, ndipo madera obvutika koposa anapatsidwa mpaka caka ca 2040. Tanthauzo lake ndi lakuti minda ina idzasiya kuthiriridwa.

Caka ca 2023 cinaonetsa mbali ina ya nkhaniyi. Nyengo yozizira ya 2022 mpaka 2023 inadza ndi mvula yambiri ndi cipale coculuka pa mapiri, mitengo inagona mokwanira, ndipo miyezi yoyamba ya cilimwe siinatenthe moopsa. Ngakhale minda ina inali itazulidwa, alimi anakolola matani oposa 800,000, oculuka kuposa caka cina ciliconse m'mbuyomo, ndipo njere zinali zoyera. Alimi anali omwewo, mitundu ya mitengo inali yomweyo. Cimene cinasintha ndi madzi ndi nyengo.

PHUNZIRO KWA ALIMI A DZIKO LINO

Madera ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa alibe kuzizira kumene walnut amafuna, cotero nkhaniyi siikulimbikitsa munthu kubzala mtengowu. Koma pa 29 Febuluwale 2024 Mtsogoleri wa dziko, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco cinali tsoka la dziko lonse, pamene mahekitala pafupi-fupi 1 miliyoni a cimanga anaonongeka ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Kucokera pa tsoka limenelo, nkhani ya ulimi wothirira inakula m'kamwa mwa atsogoleri ndi alimi omwe. Ndi bwino kuti amene akulowa mu ulimi umenewu adziwe zimene anzao a kutali anaphunzira atataya cuma.

Mlimi wa nshawa wa ku Katete, Petauke kapena Lundazi sadzadabwa ndi zambiri mwa zimenezi. Iye amadziwa kuti munda ungathe kukhala wobiriwira, koma pofukula napeza makoko opanda njere. Nshawa zimafuna cinyezi koposa pa nthawi ya maluwa, pamene timizu tobala tikulowa m'nthaka, ndiponso pamene njere zikudzaza. Khoko la nshawa limamwa lokha cakudya ca laimu kucokera m'dothi lolizungulira, ndipo dothilo likauma cakudyaco sicilowa, njere nizilephera kukula. Ng'amba ya kumapeto kwa nyengo, pamodzi ndi kutentha kwa nthaka, imatsegulanso khomo kwa cuku cimene cimatulutsa poizoni wochedwa aflatoxin. Nshawa za Chalimbana zinali zochuka pa misika ya ku Ulaya m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 cifukwa ca kukula ndi kukoma kwake, ndipo poizoni ameneyu ndi cimodzi mwa zifukwa zimene msika umenewo unacepera.

Cotero kubzala ndi mvula yoyamba yokhazikika, kusankha mtundu umene ungakhwime mvula isanathe, kutseka mizere kuti madzi asathawe, kufukula pa nthawi yake ndi kuumitsa bwino, zonsezi ndi nchito yofanana ndi imene mlimi wa walnut amacita ndi makina ake odula. Alangizi a zaulimi ndi ofufuza a ku Msekera pafupi ndi Chipata ndiwo angathandize mlimi kusankha mtundu woyenera dera lake.

Mlimi wa kudimba nayenso ali ndi cotolapo. Alibe kacipangizo kopimira tsamba, koma ali ndi khasu ndi dzanja. Akakumba pang'ono pafupi ndi mizu nafinya dothi m'manja, dothi longomwazika limamuuza kuti mbeu ili ndi ludzu, lotuluka madzi limamuuza kuti wapitiriza muyeso, ndipo logwirana bwino popanda kudontha limamuuza kuti adikire. Kuthira madzi pa tsinde m'malo mowaza pa masamba kumacepetsa matenda a tomato monga mmene kumacepetsera ciwau ca walnut.

Pa nkhani ya madzi a pansi pa nthaka, dziko lino linakhazikitsa malamulo mu 2018 akuti zitsime zakuya zizilembetsedwa ku bungwe loyang'anira madzi la WARMA. Ena amaona malamulo otere ngati cipsinjo. Koma California anadikira mpaka nthaka itatitimira ndi zitsime za osauka zitaphwa, ndiye nkuyamba kuwerenga madzi ake. Mudzi umene ukugwirizana lero za kagawidwe ka madzi a damu, mtsinje kapena dambo lake udzapewa milandu ya m'caka ca cilala.

Amene akufuna kubzala mitengo ya ndalama, monga macadamia kapena mitengo ya zipatso, ayenera kuyamba ndi mafunso awiri asanakumbe dzenje loyamba. Kodi nyengo ya dera lino ikugwirizana ndi mtengo umenewu? Nanga m'caka couma kwambiri, mu Okutobala, madzi ake adzacokera kuti? Alimi a ku California amene anazula minda yao pambuyo pa 2022 anali ndi makina, mayunivesite ndi madamu akulu-akulu, koma wogula ataswa cigoba analipira malinga ndi cimene anapeza mkati. Wogula nshawa pa msika wa ku Chipata amacitanso cimodzi-modzi.